Tindege ta alendo oona nyama: kumene tidacokera

Nyengo ya cilimwe ikafika, mitambo itacoka, ife okhala m'mbali mwa nyanja ya Niassa timamva kaphokoso kena kumwamba kosiyana ndi ka ndege zikuluzikulu. Ana amataya zimene agwira nathamangira pa mcenga. Kandege kake n'koyera, ka injini imodzi, ndipo kamauluka mmunsi kotero kuti munthu wa maso akuthwa angathe kuwerenga zilembo za pa mcira. Kamalunjika ku Likoma, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu kabwereranso kumene kadacokera. Pa sukulu ya kwaca wina adafunsa tsiku lina kuti, "Kodi anthu amenewa amafunanji, nanga adayamba liti?" Funso limeneli ndilo latipangitsa kulemba nkhani ino. Tiyeni abale tiyende nayo pang'onopang'ono, cifukwa yayambira kutali, ku Kenya, koma pothera pake ifika pakhomo pathu pomwe.

Liwu lakuti safari n'la Ciswahili, ndipo Aswahiliwo adalitenga kwa Aluya. Tanthauzo lake ndi ulendo basi. Azungu atayamba kubwera kudzasaka nyama adalikonda liwulo nalisandutsa dzina la ulendo wao wokha. Ulendo wa masiku amenewo unali wa miyendo, ndipo miyendoyo sinali ya mlendo ai. Pamene Theodore Roosevelt, yemwe anali atangocoka pa mpando wa pulezidenti wa America, adafika ku Mombasa m'caka ca 1909, adalowa m'chire ndi amtengatenga oposa 200, osenza mahema, mfuti, mcere wokonzera zikopa, ngakhale mabuku ake owerenga madzulo. Iye ndi mwana wake Kermit adapha nyama zazikulu zoposa 500 asanaturukire ku Sudan m'caka ca 1910. Maina a osenza katunduwo sapezeka pa zikuto za mabuku. Ife zimenezi sitizimva ngati nthano, pakuti agogo athu ku Angónia ndi ku Niassa adasenza macila a atsamunda mpaka mapewa kucita zipsera.

Ndege zoyamba kuyesa kudutsa Africa yense kucokera kumpoto mpaka kumwera sizinabwere kudzaona nyama. M'caka ca 1920 anthu awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, adanyamuka ku England pa ndege yochedwa Silver Queen. Idagwa isanafike patali m'cigwa ca Nile. Adapatsidwa ina, nayonso idaphwanyika pa Bulawayo, ndipo adakafika ku Cape Town pa 20 Março pa ndege yacitatu. Cimene tifuna kuti mucigwire pa ulendo umenewu n'cakuti caka cimodzi usanacitike, m'caka ca 1919, Angerezi adatumiza anthu kukalambula mabwalo oterapo ndege njira yonseyo, ku Abercorn (lero Mbala), ku Ndola, ku Broken Hill (lero Kabwe), ku Livingstone ndi kwina. Olambulawo anali anthu a m'midzi, mazanamazana, ogwetsa mitengo ndi nkhwangwa, kuzula zitsa, ndi kugumula ziulu za ciswe ndi makasu, dothi akutuuta m'madengu pamutu. Ndege imaoneka ngati yosakhudza pansi, koma cicokere ciyambi imadalira khasu la munthu wa kumudzi.

Ku Kenya ndiko ndege idakomana ndi alenje. Mai wina wamasiye, Florence Kerr Wilson, adayambitsa kampani ya tindege ku Nairobi m'caka ca 1929, ndipo bwalo la tindege la mumzindamo limachedwa dzina lake mpaka lero. Mlenje wochuka Denys Finch Hatton adagula kandege kake ka mapiko a nsalu, ka mtundu wa Gipsy Moth, poganiza kuti angathe kuona njobvu ali kumwamba m'malo mozilondola masiku ambiri. Sadakhalitse nako. M'mwezi wa Maio 1931 kadagwa ponyamuka pa Voi, ndipo adafera pomwepo pamodzi ndi wanchito wake wa Cikikuyu. Nchito imene iye adaiganiza adaipitiriza ndi mai wina, Beryl Markham. Iyeyu amanyamuka m'mamawa, nazungulira pamwamba pa chire kufikira ataona gulu la njobvu. Akaona yamphongo ya minyanga yaikulu amalemba kakalata, kujambula njira, kukaika m'kathumba ndi kukaponya pa msasa wa alenje.

Taganizani cimene cidasinthika pamenepo. Kale mlenje wacizungu, ngakhale akhale ndi mfuti yabwino cotani, anali ngati mwana m'manja mwa munthu wodziwa mapazi, amene amagwira ndowe ndi dzanja nadziwa kuti njobvu yadutsa nthawi yanji, amene amawaza phulusa kuti aone kolowera mphepo. Nzeru zimenezi zinali za makolo, ndipo zimapatsa njobvu mpata wopulumuka, popeza wolondola amatopa, madzi amatha, dzuwa limalowa. Ndege itabwera njobvu idasowa kobisala. Markham mwini wake adalemba pambuyo pake, m'buku lake la 1942, kuti zimaoneka ngati njobvu zidaphunzira kubisa zamphongo pakati pa gulu zikamva injini. Kaya zinali conco ndithu, ife tinganene kuti nyama imene iphunzira kuopa kumwamba yaona zoopsa.

Ena adabwera ndi kamera m'malo mwa mfuti. Martin Johnson ndi mkazi wake Osa, a ku Kansas ku America, adatsitsa ndege ziwiri pa sitima ku Cape Town m'caka ca 1933. Zinali za mtundu wa Sikorsky, zotha kutera pamtunda ndi pamadzi pomwe. Yaikulu adaipaka mizeremizere ngati mbidzi, yaing'ono mawangamawanga ngati nyamalikiti. Adauluka nazo mpaka ku Nairobi, nakhala m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa kufikira 1934, akujambula magulu a nyama, mapiri ndi anthu. Kanema wao wochedwa Baboona adaturuka m'caka ca 1935. Pamenepa ndi pamene anthu a ku Ulaya ndi ku America adayamba kuona Africa monga amuonera mphamba: cidikha cacikulu, nyama zikuthamanga ngati nyerere, fumbi likutsata m'mbuyo. Cithunzi cimeneci n'cokongola, sitikana. Koma nyamazo zinkathamanga cifukwa ca mantha a ndege yomweyo, ndipo anthu a m'midzi amene adajambulidwa adaonetsedwa ngati zinthu zoseketsa. Martin Johnson adafa pa ngozi ya ndege m'caka ca 1937, osati muno m'Africa, koma ku California.

Ulendo umene tifuna kuukamba mwacifatse ndi wa mlembi wa mabuku Ernest Hemingway, cifukwa ndiwo ufanana kwambiri ndi maulendo a alendo a masiku ano. Anali atatha miyezi ingapo ku Kenya, ndipo adalonjeza mkazi wake Mary mphatso ya Khirisimasi: ulendo wa pa ndege wokaona maiko oyandikana. M'mwezi wa Janeiro 1954 adakwera kandege ka Cessna 180 ku Nairobi, woyendetsa wake ali Roy Marsh. Adadutsa pamwamba pa Ngorongoro ndi Serengeti m'dziko la Tanganyika, kuthira mafuta pa Mwanza m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ndi kukagona ku Bukavu m'dziko la Congo, limene panthawiyo linali m'manja mwa Abelijiyamu. Kucokera kumeneko adalowa m'Uganda. Maiko anai m'masiku atatu, ulendo umene Roosevelt ndi amtengatenga ake akadautha miyezi.

Pa 23 Janeiro adafika pa mathithi a Murchison, pamene mtsinje wa Nile umapanikizika pa mpata wa miyala nugwa pansi ndi mkokomo. Mary amafuna zithunzi, ndiye Marsh adazungulira, nazunguliranso, akutsika. Mbalame zidatulukira kutsogolo kwao, iye pozilewa adatsika kwambiri, ndipo ndege idakola waya wakale wa telegalafu. Idagwera m'zitsamba. Onse atatu adaturuka amoyo, Mary atathyoka nthiti, ndipo adagona pamtunda usiku wonse atasonkha moto, njobvu zikuyenda pafupi. Ndege ina yaikulu yodutsa pamwamba idaona mabwinja a kandegeko koma osaona munthu, ndipo mbiri idawanda dziko lonse lapansi kuti Hemingway wafa.

M'mawa mwake boti la alendo lidawatola pa mtsinje niliwafikitsa ku Butiaba, pa nyanja ya Albert. Kumeneko adapeza ndege ina imene idabwera kudzawafuna. Bwalo lake linali la mabampu, ngati munda wa mizere. Ndege idathamanga, kudumpha, kugwa, ndi kuyaka moto. Enawo adatulukira pa zenera, koma Hemingway anali wamkulu thupi, ndipo adacita kugumula citseko ndi mutu. Adavulala mutu, msana, ciwindi ndi impso. Ngozi ziwiri m'masiku awiri, eti. Atafika ku Entebbe pa galimoto adakhala pansi kuwerenga m'manyuzipepala nkhani za maliro ake omwe. Caka comweco adapatsidwa mphotho ya Nobel, koma sadathe kupita ku Stockholm kukailandira, ndipo odziwa mbiri yake amati thupi lake silidabwererenso mwakale kufikira imfa yake m'caka ca 1961. Nkhani imeneyi akadali kuikamba oyendetsa tindege, popeza zoopsa zake n'zomwezo lero: mbalame, waya wosaoneka, bwalo losasamalidwa, ndi mlendo wopempha kuti titsikeko pang'ono.

Tisakhale okondera. Kandege komweko kamene kadaperekeza alenje ndiko kadathandizanso kuwerenga nyama. Kumapeto kwa 1957 Bernhard Grzimek, mkulu wa malo osungira nyama ku Frankfurt, ndi mwana wake Michael adauluka kucokera ku Germany mpaka ku Serengeti pa kandege ka Dornier, nakonso kopakidwa ngati mbidzi. Adagawa cidikha m'mizere, namauluka mzere umodzi kupita, wina kubwera, akuwerenga. Adapeza nyama zazikulu pafupifupi 367,000, zocepa kuposa mmene anthu ankaganizira, ndipo adaonetsa kuti nyumbu zimayenda kutuluka m'malire amene boma lidalemba. Michael adafa pa 10 Janeiro 1959, muimba utagunda phiko la ndege yake, ndipo adaikidwa pamwamba pa phiri la Ngorongoro. Kanema wao adalandira mphotho ya Oscar m'caka ca 1960. Koma caka comweco ca 1959 Amasai adacotsedwa m'Serengeti, dziko limene ankadyetsamo ng'ombe zao. Munthu ali kumwamba amatha kuwerenga nyumbu, koma manda a makolo, citsime ca mudzi ndi mtengo wa nsembe saziona.

Tsopano tibwere kwathu. Gorongosa adayamba ngati malo osakako nyama a Companhia de Moçambique m'caka ca 1920, nasanduka Parque Nacional m'caka ca 1960. Msasa wa Chitengo unali ndi bwalo lake la ndege, ndipo m'zaka za m'ma 1960 alendo ankafika pa tindege kucokera ku Beira, ku Rhodesia ndi ku South Africa. Ena anali anthu ochuka a m'makanema a ku America. Kuzungulira dziko kunalinso makotada, malo aakulu obwereketsa kwa makampani a alenje, monga a ku Marromeu kumene njati zinkada bii ngati mtambo. Kuyambira 1968 katswiri wina wa ku South Africa, Ken Tinley, adawerenga nyama za Gorongosa ali m'ndege. Adapeza njati pafupifupi 14,000, njobvu 2,200, nyumbu 5,500, mbidzi 3,000 ndi mvuu zoposa 3,000. Manambala amenewa asungeni, cifukwa ndiwo adakhala mboni pambuyo pake.

Nanga ife eni dziko tinkauluka? Mlendo wa ku America ankadumpha malire atatu pa tsiku, pomwe bambo wa ku Ulónguè kapena ku Metangula, malamulo a indigenato asanathe m'caka ca 1961, sakadatha kucoka m'dera la boma lake popanda kalata ya mzungu wa pa posto. Komabe ndege tidakwera, kungoti yathu inali ina. Kampani ya Wenela, yolemba anthu a ku migodi ya ku Joni, inali ndi ndege zake zonyamula amuna kucokera ku Nyasaland kudzera ku Francistown m'dziko la Bechuanaland. Malire athu ndi Malawi ndi mzere wodutsa pakati pa abale, ndipo alipo a kuno amene ankaoloka kukalembetsa kutsidyako. Ameneyonso anali ulendo wa maiko angapo pa ndege, koma wopanda kamera, munthu atakhala pa benci ndi kabokosi kake. Pa 4 Abril 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo anthu 78 adafa, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwao. Pulezidenti Banda adaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko lake cifukwa ca ngoziyo. Za Hemingway, amene sadafe n'komwe, manyuzipepala a dziko lonse adalemba. Za anthu 78 aja, cofika pa makomo ao cinali kulira.

Nkhondo itabuka tindege ta alendo tidasowa. Msasa wa Chitengo udathiridwa nkhondo m'mwezi wa Dezembro 1981, ndipo m'caka ca 1983 Gorongosa adatsekedwa. Zaka zimenezo kulira kwa ndege kunali ndi tanthauzo lina, ndipo amai ankagwira ana pakamwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, akuoloka malire usiku ndi mphasa pamutu. Nyama nazo zidathera m'miphika ya asilikali a mbali zonse ziwiri ndi ya anthu anjala, minyanga ikugula zida. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, akatswiri adaulukanso pamwamba pa Gorongosa, natenga manambala a Tinley kuyerekeza. Pa nyama khumi zazikulu, zisanu ndi zinai zinali zitapita. Njati zimene zinali 14,000 zidatsala zowerengeka pa zala. Nchito yokonzanso malowo idalimba kuyambira 2004, pamene Greg Carr wa ku America adalowapo, ndipo m'caka ca 2008 adasainirana ndi boma pangano la zaka 20. Kuwerenga kwa m'ndege kwa 2018 kudapeza nyama zazikulu zoposa 100,000, ngakhale zambiri mwa izo zinali anakodzwe, osati njati ngati kale.

Kuno kumpoto mboni yathu idakhalanso ndege yomweyo. Reserva do Niassa, imene ili m'zigwa za Rovuma ndi Lugenda, ndi yaikulu makilomita 42,000 mbali zonse, ndipo muli midzi ya anthu zikwi zambiri, monga a ku Mecula. Dziko lotere munthu sangaliyendere pa miyendo. M'zaka za 2014 ndi 2015 tindege tidawerenga njobvu m'maiko 18 a mu Africa, ndi ndalama za Paul Allen, ndipo tidapeza njobvu za m'chire pafupifupi 352,000. Za Moçambique zidapezeka kuti zatsika kucoka pa 20,000 kufika pa 10,300 m'zaka zisanu zokha, ndipo zambiri zidaphedwa ku Niassa konkuno. Oyendetsa ankaona mitembo ili mbuu m'chire, nkhope zitasemedwa ndi nkhwangwa. Anthu a m'midzi ankadziwa kale, koma mau ao sankafika ku Maputo; manambala a m'ndege adafika.

Alendo a masiku ano amayenda njira imene idapondeka kale. Ambiri amayambira ku Maun m'dziko la Botswana, kuona madambo a Okavango, kudumphira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, kukwera ku Mfuwe m'cigwa ca Luangwa, ndipo ena amatsiriza ndi nyanja yathu. Akatera pa Likoma amakaona chalichi cacikulu ca Petro Woyera cimene amishoni a UMCA adayamba kumanga m'caka ca 1903, ndipo owerengeka amaoloka pa boti kufika ku Cóbuè, kumene amadinditsa mapasipoti ao. Tindege take kawirikawiri n'ta mtundu wa Cessna, tina ta anthu asanu, tina ta anthu khumi ndi awiri. Mlendo amauzidwa kuti katundu wake asapitirire makilogalamu 15 kapena 20, ndipo akhale m'cikwama cofewa, cifukwa sutukesi yolimba silowa m'mimba mwa kandege. Nako kudumpha malire kuli ndi malamulo ake: sungacoke pa msasa wa dziko lino n'kukatera pa msasa wa dziko lina, koma uyambe watera pa bwalo limene lili ndi a kasitomu ndi oona za olowa. Amakonda kuuluka m'mawa, popeza dzuwa likakwera mpweya wotentha umatukula ndege n'kuigwetsa ngati bwato pa mwera, ndipo mlendo wadya bwino uja amayamba kufunafuna kathumba.

Paja akulu adati mlendo ndi mame. Amene amagona masiku awiri pa malo amodzi, ndalama zake zambiri adalipira kale kwao asananyamuke, ku kampani ya ulendo, ya ndege ndi ya malo ogona. Zotsala pansi pano ndi malipiro a ophika, ocapa, alonda ndi operekeza, mtengo wa nsomba ndi tomato, ndi gawo limene lamulo lathu la 1999 la nkhalango ndi nyama lidatsegulira njira, lija la 20 pa 100 ya misonkho yopita ku midzi. Kumene makomiti a m'midzi ali maso gawo limeneli lamanga zitsime ndi makalasi. Kumene akugona limathera m'njira. Pamenepa mpamene sukulu ya kwaca ikhudzana ndi kandege kaja, cifukwa mudzi wopanda munthu wodziwa kuwerenga pepala la ndalama umangolandira zimene wauzidwa.

Ndipo bwalo la m'chire likadali nchito ya manja monga m'caka ca 1919. Mvula ikatha amuna amalowamo ndi zikwanje kuchecha udzu, kukwirira maenje a nguluwe ndi kugumula ziulu zimene ciswe camanga m'dzinja. Tsiku lobwera alendo galimoto imayamba yathamanga m'bwalomo kupirikitsa mphoyo ndi mbuzi, ndipo woyendetsa ndege amadutsa kaye mmunsi kamodzi kuti aone ngati muli bwino asanatere. Ndege ikagona pamenepo, mlonda amadula nthambi za minga n'kuzinjika pa matayala, cifukwa afisi amakonda kutafuna mphira.